Mipira Imene Khumbo Anaponyera Mpanda

Lamulungu la Peggy linkayamba anthu ena akadali m'bulangete. Poyamba ankatsitsa zinyalala, chifukwa sitolo ya zakudya zakwathu imene inali pansi pa fulati yawo ku Tottenham inkadzaza mabini ikangotsegula. Akakwera ankaviika nyemba, kusita zovala za kutchalitchi, kuyanika yunifomu ya mwamuna wake kuti pofika Lolemba ikhale itauma, kenako kudzutsa Mwayiwathu, mwana wawo wamkazi wa zaka zitatu, amene kumuluka tsitsi inali nkhondo yakeyake. Zikatha izi pankatsala ntchito ina imene akazi anzake a kutchalitchi analibe: kulongedza chikwama cha kubwalo. Tiyi mufulasiki, buledi wopaka majarini, mathaulo awiri, ambulera, ndi buluku loyera limene dothi la m'mabondo ankachita kulichotsa ndi mswachi wakutha. Chomaliza, asanatseke chitseko, ankasuzumira mufiriji kuona ngati ayezi wagwira.

Sukulu Peggy anaisiyira Fomu 2, koma masamu a m'nyumba panalibe womuposa. Ankadziwa kuti makapu awiri a mpunga amakwana anthu atatu, kuti nsapato za mwana umagula zokulirapo, ndiponso kuti mwamuna wake Khumbo ali ndi mkono wamanja umodzi wokha, umene unkagwira ntchito ziwiri. Mkati mwa sabata unkanyamula okalamba kunyumba ina yosamalirako anthu ku Ilford. Lamulungu masana unkaponya mpira wa besibo.

Masewera amenewa Khumbo anawalowa ngati mmene munthu amagwera m'ngalande. M'chaka cha 2003, iye ndi Peggy ali pa udzu m'paki ya ku Finsbury akudya tchipisi, kampira koyera kanagubuduzika nkudzaima pa phazi pake. Eni ake anali kutali, akukodola kuti wina awabweretsere. Khumbo sanayende. Anangoimirira, tchipisi kudzanja lamanzere, nkukaponya monga ankagendera mango ku Chinamwali ali mwana. Kampirako kanawongoka ngati kakokedwa ndi chingwe mpaka m'golovesi la bambo wina wamimba, nkulira kuti phwa. Bamboyo anavula golovesi, nkuyang'ana chikhatho chake, kenako anabwera yekha wapansi. Anali a Crispin, a ku Lusaka, oyendetsa basi, amene masewerawa anawaphunzira ali mnyamata kwawo. Anafunsa funso limodzi lokha: Lamulungu lamawa muli ndi chochita?

Kwa amene sanawaonepo, masewerawa ndi otere. Wina amaponya mpira, wina amaudikira ndi chibonga, wachitatu amanjuta kumbuyo kwa wachibongayo kuti awakhe ukaphonyedwa. Woumenya amathamanga kuzungulira ngodya zinayi, ndipo akafika pamene anayambira ndiye chigoli. Masewero amodzi amakhala ndi zigawo zisanu ndi zinayi. Woponya woyamba amayamba nawo mpaka mkono utatopa. Ukatopa, kawirikawiri cha kumapeto, zinthu zitafika pa mwana wakana phala, kochi amaitana wina wodzamulandira. Khumbo ntchito yake inali imeneyo, wolandirira. Masana onse ankayenera kukhala m'kakhola ka waya kumbali kwa bwalo, kudikira kuti mwina amuitana, mwina samuitana.

Peggy anaimvetsa ntchitoyo tsiku loyamba lomwe. Ndi shifiti ya munthu amene amabwera anzake atatopa, nyumba ili bwererebwerere, nkukonza zonse m'kanthawi kochepa. Chimene sankamvetsa nchakuti Mulungu anaperekeranji ntchito yodikira kwa munthu ngati Khumbo. Khumbo anali wofatsa, wosamwa, woseka ndi aliyense, koma kudikira kunkamuyabwa ngati chitedze. Mphika ukakhala pamoto ankauvundukula katatu usanawire. Pa siteji, basi ikachedwa mphindi zitatu ankanyamuka kuti akaikwerere siteji yakutsogolo, ndipo nthawi zambiri basiyo inkamudutsa ali pakati, iye nkumaithamangira chikwama chikumumenya kumsana. Peggy ankangomuona akulowa m'basimo ali wefuwefu, nkumusunthira mpando.

A Crispin, amene ankamuwakhira mipira m'kakhola muja, anali ndi lamulo limodzi. Ankati mkono wa wolandirira uli ndi mipira yamphamvu makumi anayi patsiku, basi. Khumi ndi isanu ndi yotenthetsera mkono kochi akakodola, yotsalayo ndi ya m'bwalo. Kochi asanakodole, munthu ukhale pansi, jekete paphewa.

"Kwanja ni monga batire ya foni, mufana," ankatero m'chinyanja chawo cha ku Lusaka. "Ukasiliza manje, uzaponya na chani?"

Kwa zaka zitatu lamulolo linagwira, makamaka chifukwa a Crispin ankakhalira chidebe cha mipira, ndipo kuwasuntha pamenepo kunkafuna anthu awiri. Khumbo anatchuka m'matimu a ku London. Akalowa m'chigawo chachisanu ndi chitatu, omenya ankayamba kumangamanga zingwe za nsapato. Madzulo aliwonse a Lamulungu Peggy ankamukulunga ayezi pachigongono ndi thaulo, iye akufotokoza mpira uliwonse mmene unakhotera, ngati kuti mkazi wakeyo sanali pomwepo.

Mwezi wa Julayi 2006 kochi wa timu, mzungu wina wachete dzina lake Anderson, anaimba foni. Anati Lamulungu kubwera bambo wochokera ku timu ina ya ku Holland, timu yolipira osewera ake, ndipo ikufuna wolandirira wa chaka chamawa. Miyezi isanu ndi umodzi, nyumba apereka, malipiro apereka, ntchito kungoponya. Khumbo anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Pa masewera amenewa imeneyo ndi nkhalamba yoyamba kumera imvi, ndipo mwayi wotere sukanagogodanso kachiwiri. Peggy za kutchuka analibe nazo ntchito. Chimene iye anaona chinali msana wa mwamuna wake ukupuma kunyamula anthu, ndiponso nkhope ija imene inkawala Lamulungu lokha ikuwala sabata yonse. Loweruka anatsikira musitolo ya pansi ija nkugula nsomba yaikulu yoziziritsa, imene ankaitcha chambo ngakhale inali isanaionepo nyanja yakwathu, nkuiika mufiriji kuti adzadye pobwera kubwalo.

Khumbo tsiku lonse Loweruka sanakhale pansi. Chinkamudya mumtima chinali chakuti woponya woyamba wa timu yawo anali pabwino mwezi umenewo. Nanga akaponya yekha mpaka kumapeto? Mlendo adzakwera ndege osaona ngakhale mpira umodzi wa Khumbo. Anderson anali atamuuza kuti asade nkhawa, nthawi yake idzakwana. Koma mawu akuti nthawi idzakwana Khumbo anali atawamva pa masiteji ambiri a basi.

Khumbo atadandaula zimenezi, Peggy anamuyankha akupeta mpunga, osadzutsa mutu.

"Bambo a Mwayi, mbaula mukaikoleza m'mawa alendo akubwera madzulo, amadzapeza phulusa. Mawa mukakhale pansi."

Khumbo anaseka, nkunena kuti mayi a Mwayi tsopano asanduka kochi, awagulire wezulo. Anamulanda lichero nkuyamba kupeta yekha, nkutaya mpunga wodzaza dzanja.

Lamulungu kunacha bwino, dzuwa la ku London lija lotuluka ngati lapemphedwa. Atatuluka m'tchalitchi anakwera sitima yapansi mpaka ku Finsbury. Peggy anayala chitenje pa udzu pafupi ndi kakhola, pamalo pake pa nthawi zonse, Mwayi ali pambali ndi zidole zake. Mlendo uja sanavute kumudziwa. Anali wamtali ngati mlongoti, chipewa chotuwa, atakhala pa kampando kopinda kumbuyo kwa wowakha mipira, ndipo m'manja anali ndi kamakina koyezera liwiro la mpira. Kumene anakhalako, kakhola kanali kumbuyo kwa phewa lake.

Chigawo choyamba Khumbo anakhala. Chachiwiri anayamba kuimirira nkumakhalanso. Woponya woyamba ankangowagwetsa omenya mmodzimmodzi ngati akuthyola chimanga, ndipo mlendo ankalemba m'kabuku. Chigawo chachitatu chisanayambe Khumbo anavula jekete nkupempha a Crispin kuti amuwakhire iwiri itatu, yongomasulira phewa. A Crispin anakana, nkukhazikika bwinobwino pachidebe. Khumbo sanakangane nawo. Anatsegula chikwama chake, mmene munali mipira yake isanu ndi umodzi yoyeserera kunyumba, nayenda mapazi ake owerengeka, nkuyamba kugenda mpanda wa waya.

Mpira woyamba unaliza mpanda wonse. Mlendo anatembenuka, nkuyang'ana kanthawi, nkubwerera ku masewero. Kutembenuka kumeneko ndiko kunamupha Khumbo. Anatola mipira yake nkuyambiranso, mwamphamvu kuposa poyamba. Isanu ndi umodzi, kukatola. Isanu ndi umodzi, kukatola. A Crispin anayankhula mpaka mawu anawathera, kenako anangovundikira nkhope ndi chipewa. Anderson anali tsidya lina la bwalo ndi timu, ndipo atatumiza uthenga woti akhale pansi, Khumbo anayankha kuti akungotenthetsa pang'ono.

Peggy ankawerenga. Sanachite kufuna, mutu wake unkangowerenga wokha monga umawerengera masokosi pochotsa pachingwe. Pofika chigawo chachinayi inali makumi atatu. Itakwana makumi anayi anaimirira, natsanulira tiyi m'chivundikiro cha fulasiki, nkupita pa waya.

"Yakwana ija amanena alamu a Crispin. Imwani tiyi, muvale jekete."

"Wandiyang'ana kanayi, Peggy. Ulendo womalizawu analoza kamakina kaja kuno."

"Nanga akakuitanani mukaponya ndi mwendo?"

"Mkono uli bwinobwino. Sunayambe wamvekapo chonchi."

Ankanena zoona, ndipo vuto linali pomwepo. Thukuta linali mbwee, maso akuwala ngati mwana amene wapatsidwa njinga. Peggy anaona kuti apa mawu angokhala madzi othira pa nsana wa bakha. Kukalipira mwamuna pamaso pa anzake sanaleredwe nako. Anasiya tiyi pamwamba pa nsanamira nkubwerera pachitenje. Mwayi, amene Chichewa ankamva koma ankayankha m'Chingerezi, anakuwa yekha kuti, "Daddy, sit down!" Anthu anaseka, Khumbo nayenso anaseka, nkutola mipira yake. Tiyi anazizirira pa nsanamira pomwepo. Pamene chigawo chachisanu ndi chiwiri chinkatha, Peggy anali atafika pa makumi asanu ndi atatu kudza itatu.

M'chigawo chachisanu ndi chitatu zinthu zinatembenuka monga zimachitira. Woponya woyamba anatopa. Timu ya Khumbo inkatsogola ndi chigoli chimodzi chokha, ndipo adani awiri anali kale pa ngodya, akungodikira woti awamenyere mpira kuti athamangire kwawo, pamene anayambira. Anderson analowa m'bwalo, nakweza dzanja lamanja kuloza ku kakhola. Nthawi yomweyo mlendo uja anapinda kabuku kake, naimirira koyamba tsiku lonselo, nkusendera pafupi ndi waya, kamakina kali m'mwamba. Apa Peggy anazindikira. Munthuyo anali atakhala maola awiri ndi theka kudikira mphindi imeneyi.

Khumbo anathamangira pakati pa bwalo anthu akuomba m'manja. Mpira woyamba unapita pamwamba. Wachiwiri unagunda pansi usanafike. Peggy, amene anali ataona mipira ya mwamuna wake zaka zitatu, sanafune kamakina kuti adziwe: inkayenda ngati yatumidwa kumene sikufuna. Lamulo limati ukaponya inayi yopatuka, womenya amapita pa ngodya yoyamba ulele, ndipo anapitadi ulele. Ngodya zonse zitatu zodikirirapo zinadzaza. Womenya wotsatira anali mnyamata wonenepa amene mwezi wathawo Khumbo anamubweza ndi mipira itatu yokha, yonse ataiphonya. Ulendo uno anaudikira mpira ngati akudikira mbale ya chakudya, nkuuchapa. Unakagwera m'mitengo kuseri kwa mpanda, kumene palibe akanautola. Anthu anayi anazungulira nkulowa, akuyenda mosathamanga nkomwe.

Apa munthu wina akanakweza dzanja nkupempha kutuluka. Khumbo analuma mano, nasonkhanitsa zonse zimene zinatsala m'thupi, nkuponya umodzi ndi mtima wokhawokha. Mpirawo sunafike nkomwe kwa wowakha. Iye anagwada, dzanja lamanzere litagwira chigongono. Pambuyo pake anauza Peggy kuti anamva ngati lamba wa buluku waduka mkati mwa mnofu.

Masewero atatha, Khumbo ali pa benchi mkono uli m'thaulo, mlendo uja anabwera nkuvula chipewa. Anayankhula Chingerezi chapang'onopang'ono, ndipo Peggy anamva zonse. Anati iye sanabwerere woponya woyamba, anabwerera Khumbo. Anali atagwirizana kale ndi Anderson kuti zivute zitani amulowetsa m'chigawo chachisanu ndi chitatu. Anati mipira ya pampanda ija anaiyezadi, ndipo itatu mwa iyo inali yothamanga kuposa ya woponya aliyense wa timu yake. Koma mpanda sugwira chibonga. Iye ankafuna munthu amene angamusiye pa benchi maola atatu nkumupeza akadali wodzaza. Anagwira Khumbo paphewa lamanzere, namufunira kuchira msanga, nkupita kukakwera sitima.

A Crispin sananene kuti ndinakuuza. Ananyamula chikwama cha Khumbo pamodzi ndi chawo, nawaperekeza mpaka pa siteji, akutukwana mpanda ngati kuti ndiwo unalakwa. Basi inachedwa mphindi khumi ndi ziwiri. Khumbo anakhala pa kabenchi kofiira ka pa sitejipo mpaka inafika.

Kunyumba chigongono chinali chitatupa ngati papaya. Ayezi yense wa mufiriji anasungunuka dzuwa lisanalowe, kutupa kusanasinthe. Peggy anaima pakhomo pa firiji kanthawi, kenako anatulutsa chambo chija, chili gwa ngati thabwa, nachikulunga m'thaulo nkuchimangirira pamkono ndi mpango wake wa kutchalitchi. Khumbo anayang'ana mutu wa nsomba ukusuzumira pansi pa chigongono chake, nayamba kuseka, ndipo kusekako kunasanduka kulira. Peggy anakhala naye pampandopo, atamugwira mutu.

"Bwanji sukundikalipira?" anafunsa Khumbo.

"Mkonowo ukukalipirani kale. Ine ndikaphike nyemba."

Kuchipatala anati mtsempha wa m'chigongono wang'ambika, pafunika opaleshoni, ndipo pamzere pali anthu. Apa Khumbo analowa sukulu imene anaithawa moyo wake wonse. Anadikira kalata. Anadikira tsiku. Atamuchita opaleshoni anadikira kuti amumasule, kenako kudikira kuti mkono uwongoke, kachidutswa kakang'ono sabata iliyonse. Kunyamula okalamba sakanatha, choncho Peggy anayamba ntchito yokolopa m'maofesi m'mawa, ndipo kuperekeza Mwayi ku nesale kunakhala kwa bambo ake. Anaphunzira kumanga tsitsi la mwana ndi dzanja limodzi ndi mano. Mphika anasiya kuuvundukula, poyamba chifukwa chivundikiro chinkamulemera, kenako chifukwa anazolowera.

Tsiku lina mvula itangokata, Peggy akutsuka mbale, anawaona pawindo awiriwo atanjuta pa khoma la kuseri kwa sitolo. Pakhomapo panali nkhono. Mwayi ankaigogoda ndi kamtengo kuti ituluke, iyo nkumalowereratu. Khumbo anamulanda kamtengoko mofatsa, namukhazika pabondo, nkumuuza kuti angokhala chete. Anakhala. Peggy anatsuka mbale zonse, napukuta, nayamba mapoto, iwo ali pomwepo. Kenako Mwayi anakuwa ndi chimwemwe, akuloza tinyanga tiwiri titatuluka. Peggy anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, poti m'manja munali sopo.

Khumbo anabwerera kubwalo m'chaka cha 2008. Liwiro lija silinabwerere lonse, ndipo ku Holland sikunachokerenso foni. Koma Lamulungu lililonse ankakhala m'kakhola jekete lili paphewa, tiyi ali m'manja, mpaka Anderson atakweza dzanja. Akalowa ankaponya mipira khumi ndi iwiri kapena khumi ndi isanu, yochenjera m'malo mwa yaukali, nkutseka masewero. A Crispin mawondo atayamba kuwavuta, amene anatenga malo awo pachidebe anali Khumbo, ndipo achinyamata ankadandaula kuti kumusuntha pamenepo nkosatheka.

Akazi a kutchalitchi akamufunsa Peggy kuti zinatha bwanji za ku Holland zija, iye sakometsera. Amati mipira makumi asanu ndi atatu kudza itatu inapita pa mpanda. Inatenga mtsempha umodzi, miyezi isanu ndi inayi ya ntchito, zaka ziwiri za masewero, ndi ulendo umene sudzabweranso. Inamutengera iye tulo ta m'mawa kwa chaka chathunthu, ndi chambo chimodzi chimene chinasungunukira pachigongono mpaka anachitaya. Mwamuna yekha ndiye anatsala, ndipo ameneyo, amatero Peggy, sangamusinthanitse ndi Holland yense. Mlendo anali atabwera kale, nthawi inali itaikidwa kale, chimene chinkafunika kwa Khumbo chinali kungokhala pansi ndi kumwa tiyi. Akuluakulu sananame: kuona maso a nkhono nkudekha.